Kugula DAC yoti ikhalitse kuno ku Chigwa cha Shire

Aliyense amene ali ndi foni ali nayo kale DAC kungoti ambiri sitidziwa. Nyimbo ikakhala mu memore kapena pa intaneti imakhala manambala okhaokha, ndipo sipika siimva manambala, iyo imafuna magetsi okwera ndi kutsika kuti igwedezeke itulutse mawu, nde kachipangizo kamene kamasandutsa manambalawo kukhala magetsi a mawu ndi kamene timati DAC. Mu foni kalimo, mu laputopu kalimo, mu TV, mu dekoda, olo muma sipika a Bluetooth aja timagula pa msika wa pa Nchalo kalimo. Vuto ndi loti kamene amaika mu zinthu zotchipa nthawi zambiri kamakhala kongokwanira, kali pafupi ndi zinthu zina zaphokoso mkati mwa bodi, mukalumikiza laputopu ku ampu yabwino mumamva kaphokoso ka zzz makamaka chaja ikakhala pa khoma. Apa mpamene munthu amayamba kuganiza zogula kabokosi kapadera koika pakati pa laputopu ndi ampu, ndipo poti ndalama yake si yamasewera aliyense amafuna yoti isadzathe ntchito pakatha zaka ziwiri zitatu.

Ine maganizo anga ndi oti amene amalemba za zinthuzi kunja akamati DAC yokhalitsa amakhala akuwerenga manambala a pa katoni, 768 kHz, DSD512, chakuti chakuti, pomwe kwathu kuno chimene chimapha chipangizo ndi kutentha, mphenzi, fumbi ndi magetsi obwera mwamphamvu akakhala kuti anathima. Muyambire pamenepo posankha.

Koma ndiyambe ndi nkhani ya MQA chifukwa imandikhudza ndikaganiza za anthu amene analipira ndalama yowonjezera. MQA inatuluka mu 2014 kuchokera kwa anthu a Meridian ku Britain, amati ndi njira yopindira nyimbo za hi-res, zija za manambala oposa a CD, kuti zikhale fayilo yaing'ono, ndipo kuti muimve yonse mumafunika DAC yokhala ndi laisensi yawo. Tidal, kampani yoseweretsa nyimbo pa intaneti, inaitenga, makampani opanga ma DAC anayamba kumata chizindikiro chake pa katoni mtengo nkukwera, ndipo munthu ukafunsa amakuuza kuti usagule yopanda MQA udzatsalira. Mu 2023 kampani ya MQA inagwa pa chuma, inagulidwa ndi Lenbrook ya ku Canada, ndipo mu Julaye 2024 Tidal inachotsa MQA nkupita ku FLAC. FLAC yomweyi, mtundu wa fayilo umene umachepetsa kukula kwa nyimbo osataya kanthu, inalipo kuyambira 2001, ndi yaulere, palibe amene amalipiritsa laisensi, foni iliyonse ya Android imaisewera. Nde amene anagula DAC yopanda chizindikiro chija sanataye kanthu, amene anawonjezera ndalama kuti akhale okonzekera zam'tsogolo ndi amene atsala ndi kanyali ka MQA pa DAC yawo kamene sikayakanso kawirikawiri. Chilichonse chimene chili m'manja mwa kampani imodzi ine sindichiwerengera posankha, chikapezekamo chabwino, koma sindingalipire olo kwacha imodzi chifukwa cha icho.

Tsono za manambala aja. CD inatuluka mu 1982, Sony ndi Philips, ndipo imasunga mawu pa 44.1 kHz ndi ma bit 16. Nambala yoyambayo ikutanthauza kuti mawu amayezedwa ka 44,100 pa sekondi, ndipo masamu ake amati mukayeza chonchi mumatha kusunga mawu okwera mpaka theka la nambalayo, kudutsa pang'ono 22 kHz. Khutu la mwana wathanzi limafika cha pa 20 kHz, ndipo munthu akamakula malirewo amatsika, makamaka amene wagwira ntchito pafupi ndi makina a fakitale kapena chigayo. Ma bit 16 amapereka mpata wa ma dB, muyeso wa kukwera kwa mawu, pafupifupi 96 pakati pa mawu otsikitsitsa ndi okwereratu, ma bit 24 pa pepala amafika 144. Tsopano ganizani nyumba ya ku Ngabu mwezi wa Okutobala usiku, fani ikuzungulira, mawindo ali otsegula chifukwa simungatseke, panja nkhululu ndi agalu, malata akulira pozizira. Chipinda chachete kwambiri chimakhala ndi phokoso lake cha m'ma 30 dB, chathuchi chimaposa pamenepo, mukawonjezerapo 96 mwafika kale pamene khutu limapweteka. Ndekuti olo ma bit 16 omwewo sitimawamaliza.

Sindikunena kuti hi-res ndi bodza ayi. Pojambula nyimbo ma bit 24 ndi ofunika kwambiri chifukwa amapatsa wojambula mpata woti asakweze mpaka mawu kusweka, ndipo nthawi zina chimbale chotulutsidwa mu hi-res chimakhala kuti anachikonza mosamala kuposa chimene anachifinya kuti chizimveka mokuwa pa wayilesi, nde chimamveka bwinodi, kungoti chifukwa chake ndi kakonzedwe osati nambala. Choncho DAC yanu izitha kulandira 24 bit mpaka 192 kHz kuti fayilo iliyonse mungapeze isewere osakana, basi. Pafupifupi iliyonse yatsopano imatha zimenezi. DSD, njira ina yosungira mawu imene inabwera ndi mtundu wa CD wotchedwa SACD mu 1999, ngati mulibe kale nyimbo zake musavutike nayo. Komanso muwerengere data: nyimbo ya mulingo wa CD yosafinya imadya pafupifupi 10 MB pa mphindi, FLAC imachepetsa cha pa theka, pomwe 24/192 yosafinya imayandikira 70 MB pa mphindi imodzi. Chimbale cha ola limodzi ndi ma GB angapo amenewo, pa netiweki ya ku Makhanga kapena ku Muona mudzachipeza liti, ndipo bandulo yake alipira ndani.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi ma fayilo amene tili nawo. Nyimbo zambiri zimene zimazungulira kuno zinadutsa kwa anyamata oberna nyimbo pa tauni, wina anaichotsa pa YouTube nkuisandutsa MP3 ya 128, wina anaitumiza pa WhatsApp, wina anaidula nkuikamo dzina la shopu yake nkuisevanso, pofika mu memore yanu yafinyidwa kangapo ndipo chilichonse chimene chinatayidwa pofinyapo sichibweranso. DAC ya madola 2,000 siingabwezeretse. Ena amatenga MP3 nkuisandutsa FLAC kuganiza kuti yakwera, koma kuteroko kuli ngati kuthira ndowa imodzi ya mapira mu thumba la 50 kg, thumba lakula mapira ndi omwewo.

Ndinazimva bwino zimenezi pa valimba. Amene munakhalapo pafupi ndi valimba ikulira mukudziwa kuti pansi pa matabwa pamakhala zikho, ndipo pa chikho chilichonse pali kabowo komatidwa ndi kachinthu kopyapyala, kale amagwiritsa ntchito kanyumba ka mazira a kangaude masiku ano ambiri amangoika kapulasitiki, ndipo kameneka ndi kamene kamapereka kunjenjemera kuja kwa nzzz pamwamba pa liwu la thabwa. Ndinajambula gulu lina cha ku Tengani ndi karekoda kakang'ono pa 24 bit, anthu atatu pa chida chimodzi wina ali ndi maseche pambali, kenaka ndinatumiza kwa mnzanga amene anaisandutsa MP3 yaing'ono kuti azigawira anthu. Mukamvera ziwirizi motsatizana pa ampu ndi masipika omwewo, mu yoyambayo mumatha kuloza kuti wa mawu aang'ono ali kumanja, wa mawu akuluakulu ali kumanzere, ndipo kunjenjemera kwa chikho chilichonse kumayamba ndi kutha pakepake. Mu MP3 ija kunjenjemera ndi maseche zimasakanikirana kukhala kaphokoso kamodzi kamadzimadzi kamene kamangoyandama pamwamba, osadziwika kuti kakuchokera pa thabwa liti. MP3 imataya zimene ikuganiza kuti khutu silizindikira, ndipo mawu othothoka mwachangu ngati amenewa ndi amene imavutika nawo kwambiri ikakhala yaing'ono. Nde musanagule bokosi lililonse yambani mwasonkhanitsa ma fayilo abwino, ma CD akale amene ali m'masutikesi mwa makolo athu akopereni mu FLAC asanakandike, oimba athu apempheni fayilo yosafinya ya WAV yochokera ku situdiyo, ambiri amakhala nayo kungoti palibe amawafunsa.

Tibwere ku magetsi tsopano pamene pagona nkhani. Tonse tikukumbukira Januwale 2022 namondwe Ana atawononga damu la Kapichira pompano m'boma la Chikwawa, dziko linataya ma megawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, kenaka Freddy mu Malichi 2023. Anthu ambiri kuno panopa ali ndi sola, batire ndi invata, ndipo invata zotchipa zija sizitulutsa magetsi osalala ngati a pa khoma, chipangizo chokhala ndi thiransifoma mkati chimalira mmm komanso chimatentha mukachiika pamenepo. Ichi nchifukwa chake ine ndimati DAC yoyenera kuno ndi yoyaka ndi 5V ya USB. Zilipo zambiri, Topping E30 imalandira 5V, SMSL SU-1 imayaka ndi USB-C, FiiO ndi iFi alinso ndi zawo zotero, ndipo mitengo ya gulu limeneli kunja imayambira cha m'ma 80 kufika 150 madola. Yoteroyo mumaiyatsa ndi pawabanki, magetsi athime abwere iyo siikudziwa, ndipo chaja yake ikapsa mupita pa msika pa Dyeratu kapena pa Bangula mugula ina tsiku lomwelo. Yofuna adaputa yakeyake ya 15V kapena yolowa molunjika pa 230V, tsiku limene adaputayo yapsa mwayamba kufunsa amene akuchokera ku Johannesburg. Chenjezo limodzi lokha, ma pawabanki ena amazimitsa okha akaona kuti chinthu chikukoka moto wochepa, nde muyesere kaye yanuyo, ena ali ndi batani loti mukadina kawiri amakhala oyaka.

Kutentha nako. Kuno 40 digiri si nkhani yoti nkudabwa nayo, ndipo mu nyumba ya malata yopanda siling'i masana zimaposa. Akatswiri a zamagetsi ali ndi kawerengedwe koti ma kapasita aja amadzimadzi mkati moyo wawo umadulidwa theka kutentha kukakwera ndi madigiri 10, nde bokosi limene kwawo kozizira lingakhale zaka 20 kuno musaliyembekezere choncho. Ma DAC okhala ndi machubu agalasi, kapena ophatikiza ndi ampu ya Class A imene imatentha olo siikuimba, ndi okongola inde ndipo ndimamvetsa amene amawakonda, koma ku Nsanje ayi. Sankhani yoti ikayaka ola lathunthu mukaikhudza ingofunda pang'ono, ya chitsulo yotsekeka bwino yopanda timabowo tambiri, chifukwa timabowo timeneto ndi khomo la fumbi la mwezi wa Seputembala, nyerere ndi mphemvu. Musaiike pamwamba pa ampu, ikani pambali. Ndipo kuchepa kwake ndi phindu lina kwa ife a m'madera osefukira madzi, kabokosi kokwana m'dzanja kamalowa mu chikwama limodzi ndi ma setifiketi madzi akayamba kukwera.

Mabowo a kumbuyo muwayang'ane kuposa china chilichonse. Pakhale USB, pakhale optical, pakhale coaxial. USB ndi ya laputopu ndi foni. Optical, imene Toshiba anatulutsa mu 1983 ndi dzina loti TOSLINK, ndi yakale koma kwa ife ndi yamtengo wapatali chifukwa mkati mwa kebulo yake mumadutsa kuwala osati magetsi, ndekuti mphenzi ikalowera ku dishi nkupha dekoda ndi TV, njira yodutsira pa kebulo imeneyi kupita ku DAC ndi ampu palibe. Ndinaonapo nyumba ina ya aneba mvula yoyamba itagwa, dekoda, TV ndi ampu zonse zinapita kamodzi chifukwa zinali zolumikizana ndi mawaya achitsulo. Optical nthawi zambiri imafika 24/96, zina 192, ndipo pa TV nzokwanira. Kungoti mukumbukire kulowa mu ma seting'i a TV nkusankha PCM, mukasiya pa Dolby DAC ya sitiriyo siimva chilankhulo chimenecho, imangokhala chete kapena kutulutsa phokoso loopsa. Izi sizikuchotsa lamulo lakale loti kukayamba kung'anima zulani mapulagi pa khoma.

Za ma draiva, timapulogalamu tothandiza kompyuta kuzindikira chipangizo, anthu saziganizira koma ndi zimene zimakalambitsa chipangizo chikadali chamoyo. Funsani ngati DAC yo imatsata USB Audio Class 2, kutanthauza kuti mukangoilowetsa kompyuta imaizindikira yokha. Mac ndi Linux akhala akutero kwa nthawi yaitali, Windows 10 inayamba kutero mu 2017. Yofuna pulogalamu yapadera ya kampani kuti igwire ntchito, kampaniyo ikadzatseka kapena ikadzangosiya kuisamala mudzatsala ndi bokosi labwinobwino losayankhula ndi kompyuta yatsopano. Chimodzimodzi zija zokhala ndi sitirima yokokera nyimbo pa intaneti mkati zodalira app ya pa foni, app ndi imene imayamba kufa. Bola DAC ikhale DAC basi, kosewerera nyimbo kukhale kwina, foni yakale kapena laputopu, zimenezo muzisintha mmene mukufunira. Pa Android dziwani kuti mafoni ambiri amasandutsa chilichonse kukhala 48 kHz asanatumize ku USB, sizimveka moipa kwenikweni, koma ofuna kuti fayilo idutse mmene ilili amagwiritsa ntchito USB Audio Player PRO imene ndi yogula.

Dzina la chipu chamkati, ESS, AKM, Cirrus Logic, Burr-Brown, anthu amakangana nalo ngati mpira. Mu Okutobala 2020 fakitale ya AKM ku Nobeoka ku Japan inapsa, ndipo makampani ambiri anakakamizika kusintha nkuika ESS kapena Cirrus mu mabokosi awo, nyimbo sizinasiye kumveka bwino. Chipu chimodzimodzi chingamveke bwino mu bokosi lina nkumveka mwaphokoso mu lina kutengera mmene anakonzera magetsi ndi mbali yotulutsira mawu. Ine sindisankhira pamenepo.

Bluetooth ikakhalamo ndi yothandiza alendo akabwera aliyense akufuna aike yake, koma musaiwerenge ngati hi-res. LDAC ya Sony imene ndi imodzi mwa njira zapamwamba zotumizira mawu pa Bluetooth imafika 990 kbps, pomwe CD yosafinya ndi 1,411 kbps, ndekuti imafinyabe. Ndipo mitundu ya Bluetooth imasintha pafupipafupi, ndi mbali imene idzakalambe msanga mu bokosilo.

Malume anga a ku Bangula anapuma ntchito ku munda wa nzimbe ndipo ali ndi ampu ya Pioneer yakalekale imene anabwera nayo achimwene awo kuchokera ku Joni, yolemera moti kuinyamula mpaka awiri, ndi masipika amatabwa. Mwana wawo wa ku Blantyre anawaonetsa DAC ya madola mazanamazana pa foni nde anandiitana. Anati, "Mphwanga, tandiuza zoona, ampu yangayi yatha ntchito eti? Akuti popanda kabokosi aka ndikungomva theka la nyimbo." Ndinati, "Ayi malume, ampu yanuyi musaigulitse, ingodikirani ndibwere ndi kanthu muyesere kaye." Ndinapita ndi ka dongo ka Apple ka USB-C, kakebulo kakafupi kaja kolumikizira mahedifoni ku foni, kamene ku America amagulitsa madola 9, kamene mkati mwake mulinso DAC yofika 24/48, ndi kebulo yochoka pa jaki kupita ku RCA, timapulagi tija tofiira ndi toyera. Titafika ndinapeza kuti foni yawo amailowetsa pa bowo lolembedwa PHONO, lomwe ndi la galamafoni ndipo limakweza mawu kwambiri nkuwonjezera besi, mpake zimamveka zosweka. Tinasamutsira pa AUX, tinaika FLAC yokopera ku CD yawo ya kwaya, anakhala kaye chete kenaka anaitana azakhali kukhitchini kuti, "Tabwerani mudzamve, ma alto aja akumveka paokha." Pambuyo pake anagulabe DAC ya pa tebulo ya 5V chifukwa amafuna optical ya TV ndi rimoti, koma anagula akudziwa chimene akulipirira, ndipo ndalama yotsalayo inapita kokonzetsa mphira wa m'mbali mwa masipika amene anali atafumbutuka ndi kutentha. Kusintha kumene kunabwera ndi mphira umenewo kunali kwakukulu kuposa kwa bokosi.

Nchifukwa chake ndimauza anthu kuti pa ndalama yonse ya zomvera, DAC itenge gawo laling'ono. Masipika ndi pamene mwawaika ndi zimene zimasintha mawu kwambiri, achotseni pakona, atalikirane ndi khoma pang'ono, afike mulingo wa makutu mukakhala pansi, ndipo nyumba zathu za simenti pansi ndi malata pamwamba zimabweza mawu kwambiri nde mkeka kapena mphasa pansi ndi makatani zimathandiza zedi. Kumbali yotulutsira mawu, RCA ya 2V ndi yokwanira ampu iliyonse ya m'nyumba, XLR, ya pulagi yaikulu ya mano atatu ija, muifune pokhapokha ngati muli ndi masipika a situdiyo kapena kebulo ikuyenda mtunda wautali. Ngati mumamvera pa mahedifoni usiku ana akagona, tengani yokhala ndi bowo la mahedifoni ndi kotembenuzira voliyumu.

Kagulidwe kake ndi kovuta, tisanamizane. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama zakunja ndi zosowa, mashopu a ku Blantyre ndi Limbe zinthu ngati izi sakhala nazo kawirikawiri, ambiri timadalira wachibale wochokera ku South Africa kapena oitanitsa katundu ku China. Waranti imene yalembedwa pa katoni kuno siigwira ntchito chifukwa kubweza chinthu kunja kungadye ndalama yoposa mtengo wake, ichinso ndi chifukwa china chosaikira ndalama yambiri pa bokosi limodzi. Tengani mtundu umene wakhala pa msika zaka zingapo ndipo anthu ambiri ali nawo, osati umene wangotuluka mwezi watha, mavuto ake amakhala atadziwika kale. Ma dongo a Apple abodza ndi ambiri m'misika, akunja amafanana ndendende, nde gulani kwa munthu amene angakulandireni mukabweza.

Mukapeza ya sekandi, mwina wina akuchoka pa esiteti kapena akubwerera kwawo, pitani ndi foni yanu, kebulo ya OTG yolumikizira foni ku DAC, pawabanki ndi ma fayilo atatu anayi amene mumawadziwa bwino, imodzi ya 44.1, ina ya 96, ina ya 192, muone ngati ikusintha bwinobwino osadumpha kapena kuthetheka. Yesani bowo lililonse kumbuyo osati USB yokha, gwedezani kebulo pang'ono ili mkati muone ngati mawu akuduka chifukwa bowo la USB ndi limene limayamba kukhwefuka. Imitsani nyimbo mukweze ampu mumve ngati pali kaphokoso. Kenaka muisiye iyake mukucheza ndi mwini wakeyo kwa ola, muikhudze pamwamba, ikakhala yoti simungasiyepo dzanja musalipire.